Expressive Arts Std 3, ana 96, mapepala palibe. Ndiwapangitse chani nyengo ino?

Madamu Nambewe:

Aphunzitsi anzanga moni nonse. Ndithandizeni maganizo, apa mutu waima. Chaka chino ahedi andipatsa Std 3 ndipo Expressive Arts ndine ndemwe, pomwe ine zaka zonsezi ndakhala ku 6 ndi 7 kuphunzitsa masamu, zojambulajambula izi ndinazisiya ku koleji ya uphunzitsi (TTC) konko. Ana ndili nawo 96, okhala pansi, madesiki kulibe. Temu yoyamba ndinangoyendetsa ndi nyimbo ndi magule poti sizifuna kugula kanthu, koma a PEA, alangizi oyendera masukulu aja, atabwera anayang'ana makoma a kalasi ali mbee n'kundifunsa kuti madamu kodi anawa manja alibe? Ndinasowa choyankha. Pochoka anangondisiyira mawu amodzi omwe aja timawadziwa tonse, TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu lomwelo.

Nde mu Januwale ndinati tiyeni tiumbe. Ana anabweretsa dothi, tinaumba ng'ombe, timiphika, wina anaumba mpaka minibasi ndi kondakitala wake. Ndinaziyala kumbuyo kwa kalasi kuti ziume, sabata yonse osauma, kenako usiku wina mvula inalowera pa lata lodontha lija mmawa tinapeza phala lokhalokha, kamtsikana kena kanalira mpaka buleki. Ndinati chabwino tiyese zomata mbewu pa katoni, ndinauza ana kuti aliyense abwere ndi chimanga ndi nyemba kadzanja kamodzi. Mawa lake kunabwera mayi wina mwana kumsana, sanakalipe ayi, anangoti madamu, mu Febuluwale muno ife tikugona ndi nkhwani wopanda nsima, inu mukuti chimanga timate pa katoni? Manyazi ake sindidzaiwala.

Funso langa ndi loti inu amene mwakhalitsa ku ma junior mumazikonza bwanji kuti chilichonse chizigwera nyengo yake? Dzinja lino ndipange chani, nanga masika, chisanu, chilimwe? Osandiuza zogula mapenti chonde, thumba langa mukulidziwa kale kkkk

Sala wa ku Linthipe:

Madamu pepani, koma musadandaule, tonse tinadutsa momwemo. Zonse ziwiri mwapangazo ndi ntchito zabwino, munangoziika mwezi wolakwika basi. Ine sikimu ya Expressive Arts sindiyamba ndi buku, ndimayamba ndi kufunsa kuti mwezi umenewo panja padzakhala chani chaulere, kenako ndikupita kukasaka topiki yogwirizana nacho. Buku la ku MIE, bungwe lokonza silabasi, lija silikudziwa kuti kwanu mvula yayamba liti.

Dongo ndi la temu yoyamba, Sepitembala ndi Okutobala, dzuwa lili phwee. Kawoneni amayi oumba mbiya, simudzawapeza akuwotcha miphika mu Januwale. Ndipo si dothi lililonse, funsani agogo a m'mudzi kuti mtapo uli pati, akakulozerani kudambo. Mukabwera nalo muliphwanye, muchotse timiyala ndi mizu, mulinyike tsiku limodzi kapena awiri kenako ana alikande bwinobwino ngati akukanda ufa wa mandasi. Likakhala lonona kwambiri muwonjezere kamchenga kosefa pang'ono apo ayi lidzang'aluka pouma. Chinanso chomwe ambiri timalakwitsa, zoumba siziumitsidwa padzuwa tsiku loyamba, zimayamba pamthunzi masiku angapo, kunja kukauma msanga mkati muli chinyezi ndiye ming'alu imeneyo. Ng'ombe ikhale ya miyendo ifupiifupi yonenepa, ana amakonda kupanga timiyendo towonda ngati ta udzudzu nde timathothoka.

Penti ndiye musagule n'komwe. Kufiira ndi katondo, kuda ndi makala osinja kapena mwaye wa kukhitchini, kuyera ndi phulusa losefa kapena tizidutswa ta choko tija timataya pansi pa bolodi, ine ndili ndi chitini chake chotolera chaka chonse. Musefe pa kansalu, muthire madzi pang'ono ndi kaphala kopyapyala kuti zigwire. Burashi ndi kamtengo kotafuna kumapeto ngati mswachi, kapena nthenga ya nkhuku. Ndipo ana muziwauza kuti izi si zaumphawi ayi. Kuno ku Dedza tili ndi Chongoni, mapanga oposa 100 okhala ndi zojambula pamiyala, zofiira zija akuti anajambula Akafula, zoyera ndi za makolo athu Achewa, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Anthu amachoka kutali kudzaona dothi lopakidwa pamwala, lomweli tikulinyozali. Ine ana anga ndikawauza zimenezi amakhala chete, kenako aliyense akufuna mwala wake woti ajambulepo buluzi.

Panopa poti ndi dzinja gwiritsani ntchito zobiriwira. Masamba ali mbwee, la chinangwa, la papaya, la mbatata, la mango. Mwana apake katondo kumsana kwa tsamba komwe kuli mitsempha, adinde pa katoni, akachotsa amaona chithunzi chonse cha tsamba mpaka timizere take, ndipo pomwepo mwalowetsamo kale za mapatani. Phesi la tsamba la dzungu limapanga lipenga, la papaya chitoliro, tonse tinaliza tili ana. Mvula ikakata, bwalo lonyowa lija ndi pepala lalikulu kuposa lililonse, ana 96 onse amakwana, aliyense ndi kamtengo kake, inu kumangozungulira ndi kope lolembamo malikisi.

Za mbewu zija dikirani Meyi, temu yachitatu, anthu akamakolola. Nthawi imeneyo kholo lomwelo lidzakupatsani lokha.

Anaphiri a Std 2:

Sala anena zoona koma pa guluu sanafotokoze bwino, mwina kwawoko alibe chinangwa chambiri kkkk. Madamu ine ndili kuno ku Mulanje, guluu wathu ndi ufa wa chinangwa. Masupuni awiri kapena atatu mu kapu ya madzi ozizira, mutakase kaye mibulu ithe, kenako pamoto pang'onopang'ono uku mukutakasa mpaka lisanduke ngati langalangala lowala. Limamata kuposa wa m'botolo uja. Ufa woyera wa chimanga sugwira bwino, ndinayesa. Koma muphike la tsiku lomwelo, likagona masiku awiri limasasa fungo lake kalasi yonse kuthawa. Ndipo muziyang'anira chifukwa ana ena amadya, si nthabwala, makamaka miyezi ino.

Chomwe ine ndimadalira chaka chonse ndi nthochi. Makungwa ouma a thunthu la nthochi aja ali ndi mitundu yambiri mukawayang'anitsitsa, pena pofiirira, pena pakuda, pena poyererako, mkati mwake mosalala ngati silika. Ana amang'amba ndi manja osafuna sizasi, n'kumata pa katoni kupanga nyumba, phiri, mayi atasenza mtolo. Mukadula phesi laliwisi la tsamba la nthochi mopingasa mkati mwake muli timabowo ngati zisa za njuchi, munyike mu katondo mudinde, patani yake anthu amafunsa kuti mwagula kuti. Makatoni ndimapempha m'magolosale pa tsiku la msika, a sopo ndi a mafuta ophikira, ndipo makalendala a chaka chatha kumbuyo kwake ndi koyera, mu Januwale ndimazungulira kutchalitchi ndi kwa anzanga kutolera asanayalire mashelefu.

Koma pa zoti dongo ndi la chilimwe chokha ine ndikutsutsako pang'ono. Kukumba n'kosavuta panopa pansi pali pofewa, mu Okutobala mtapo umauma gwa mpaka khasu kubwerera. Nde ine ndimakumbiratu kumapeto kwa mvula, kusunga m'matumba a feteleza pakona, kudzanyika nthawi yake ikakwana. Kuno kwathu ngakhale Juni ndi Julayi sitiumba, chiperoni chikabwera masiku anayi kuli mtambo ndi kamvula kowaza, palibe chouma. Nyengo imeneyo timaluka. Ana akhala mothithikana chifukwa cha kuzizira, manja ali kalikiliki ndi zingwe za khonje kapena timikeka ta mlaza, kalasi imakhala zii mpaka ahedi kubwera kudzasuzumira ngati tilimo.

Vuto lomwe palibe amakuchenjeza ndi kusunga. Chiswe chimakonda katoni ndi phala la chinangwa ngati ndiwo ndi nsima. Chaka china ndinakhoma ntchito za ana kukhoma tikutsekera Disembala, potsegulira ndinapeza misomali yokha ndi njira za chiswe. Panopa ndimamanga chingwe kuchoka pa zenera kufika pa zenera lina n'kupachika pamenepo, osagunda khoma. Zomata mbewu nazonso anankafumbwe ndi makoswe sazisiya, nde zikatha kuchongedwa ana azitenga kunyumba sabata yomweyo.

Mr K Std 8:

Ine ndinene zosakoma. Zonsezi n'zabwino koma tiyeni tivomereze kuti m'masukulu ambiri piriyodi ya Expressive Arts ndi ya masamu ndi English mwakabisira. Ineyo ndimaba, sindinama. MANEB ikabwera pepala lake ndi la Arts and Life Skills ndipo mwana amayankha ndi bolopeni, palibe amamuuza kuti umba mphika tione. Nde mphunzitsi wa 8 amangolembetsa manotsi, mitundu ya masititchi, mitundu ya magule, ana kuloweza basi.

Koma chomwe ndaona n'choti ana amene anagwiradi zinthu ku 3 ndi 4 savutika ndi manotsi amenewo. Ukafunsa za kusakaniza mitundu amene anasakanizapo katondo ndi phulusa amayankha asanaganize n'komwe, pomwe winayo akuloweza ngati vesi. Nde pitirizani madamu, mukutithandiza ife.

Chenjezo langa ndi limodzi poti mwati ndinu Nambewe mwina muli chigawo chapakati. Pa topiki ya zophimba kumaso samalani. Mnzanga wina pa sukulu ina yomwe sinditchula anauza ana kuti apange za makatoni, anyamata ena anapanga zofanana ndi za gule, nthenga ndi zonse, n'kumathamangitsana nazo pabwalo atsikana akuona. Madzulo ake nkhani inali kwa amfumu ndipo inatha ndi nkhuku. Gule wamkulu ndi chinthu cholemekezeka, ngakhale UNESCO inamuzindikira mu 2005, ndipo eni ake ali ndi malamulo awo pa yemwe angapange ndi komwe angapangire. Ukafuna ana aone zimenezo mwaulemu malo ake alipo, ku Mua kuli KuNgoni, malo osungirako za chikhalidwe ndi zaluso, komwe anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, koma m'kalasi muwauze mwachindunji kuti tikupanga nkhope ya kalulu, ya fisi, ya kamba, za m'nthano basi, ndipo mudziwitse komiti ya sukulu musanayambe.

Sala wa ku Linthipe:

Mr K pa za gule mwalasa, kuno sitiyerekeza n'komwe. Anaphiri za kukumbiratu dongo ndatengapo, zaka zonsezi ndimavutitsa anyamata ndi makasu mu Okutobala.

Ndiwonjezere za masika poti ndinadumpha. Temu yachitatu ndiye nthawi yokoma kwambiri, zinthu zimachita kutayika. Mapesi a chimanga mukasenda khungu lolimba lija mkati mumatsala chofewa choyera, ana amabaya timizere ta khungu m'chofewacho kupanga magalasi a m'maso, njinga, galimoto, khola la nkhunda. Apa simuphunzitsa inu ayi, muzingofunsa kuti ndani amatha, mudzadabwa kuti katswiri ndi mnyamata uja amakhala kumbuyo osatha kuwerenga. Ine ndinali naye wina wobwereza kalasi kawiri, tsiku la mapesi anapanga thirakitala ya mateyala ozungulira, kalasi yonse inamuunjirira, kuyambira pamenepo anasiya kujomba Lachinayi poti ndi tsiku la Expressive. Zitsononkho ndi zidole, tsitsi lake ndevu za chimanga zomwezo, zovala tizigamba ta kwa telala. Makoko a chimanga mukawanyika pang'ono amalukika bwino, timphasa toikapo mbale. Zikho, nthanga za maungu, mapira, khobwe wofumbwa amene mayi akutaya popeta, zonsezo n'zomata, ndipo muzinena kuti zofumbwa kapena zotsalira popeta kuti pasakhale wotapa m'nkhokwe.

Masiku a tchuthi cha dziko nawo amathandiza kupeza mutu. 6 Julayi timapanga mbendera, kuda makala, kufiira katondo, kubiriwira timasinja masamba a nyemba kapena a chisoso n'kufinya, ngakhale kubiriwira kwa masamba sikuchedwa kufwifwa, pakatha sabata kumakhala ngati kaki. Dzuwa lotuluka lija lili ndi mizere 31 koma musalimbane ndi mwana wa Std 3 kuti ikwane, ine ndinayesa chaka china piriyodi yonse inathera kuwerenga mizere. 15 Okutobala tsiku la anakubala timapanga timakadi, nthawi imeneyo malubeni apsa, madzi ake amapereka mtundu wokongola kwambiri kungoti yunifolomu imathimbirira nde auzeni avule malaya akunja kapena mudzakumana ndi amayi omwewo mukuwapangira khadiwo. 3 Malichi ya Martyrs yayandikirayi mutha kuchita kasewero ndi nyimbo, sizifuna kuumitsa chilichonse.

Mayi a Tadala:

Ine si mphunzitsi, ndine kholo chabe koma ndimawerenga muno. Madamu Nambewe mayi anabwera kwa inu uja musamuone ngati wovuta, anachita bwino kubwera yekha osakadandaula kumbali. Ife chomwe chimatipweteka ndi uthenga wobwera ndi mwana madzulo kuti mawa tibwere ndi chakuti, usiku umenewo ukachipeza kuti? Mutiuze sabata isanakwane.

Komanso mutigwiritse ntchito. Mayi anga ndi oumba mbiya, zaka zawo zapita koma manja akadali bwino, ndipo sukulu ili pafupi ndi nyumba koma palibe anabwerapo kudzawapempha kuti akaonetse ana. Amakulungiza mphika ndi kamwala kosalala ka kumtsinje mpaka kuwala ngati wapaka vanishi. Mphunzitsi amajambula mphika pa bolodi pomwe woumba ali kuseri kwa mpanda. M'mudzi muli oluka malichero, osema mipini, amayi ozira nyumba amene amadziwa komwe kuli dothi loyera, lachikasu ndi lakuda poti chaka chilichonse Khirisimasi ikamayandikira amakongoletsa nalo makoma. Mukapita kwa amfumu kapena ku mother group n'kupempha mwaulemu sangakane, mwina kungowagulira sopo.

China, chonde ana mukawatuma kukatola zinthu kutchire muwatchulire zosagwira. Wanga anabwera maso ali psuu atathyola nkhadze kuti utomoni wake akamatire, tinathera kuchipatala. Utomoni wa nkhadze ukalowa m'maso ndi nkhani ina. Nthanga za nsatsi n'zokongola timadontho take ndipo ana amazikonda pa zomatamata koma ndi poizoni mwana akatafuna. Chitedze ndiye mukudziwa kale. Ndipo dzinja lino udzu watalika, njoka zili paliponse, kudambo asapite okha.

Anaphiri a Std 2:

Mayi a Tadala zikomo, za nkhadze ndilemba pa bolodi mawa lomwe. Madamu Nambewe ndayiwala kunena za kuchuluka kwa ana. 96 musayese kuti aliyense akhale ndi chitini chake cha penti, mudzapenga. Magulu a ana 8, gulu lililonse mtsogoleri mmodzi, zitini zitatu pakati, ndipo mtsogoleri yekhayo ndi amene amadzuka kudzatenga zinthu kutsogolo. Madzi osamba m'manja akhale panja mu ndowa musanayambe, osati mutamaliza. Ndipo mupemphe ahedi akuikireni mapiriyodi awiri ogundizana kumapeto kwa tsiku, chifukwa imodzi imathera kugawa zinthu ndi kukhazika ana chete, mukamati tiyambe belu lalira.

Pochonga musafunefune chokongola. Ine ndimayang'ana ngati mwana watsatira zomwe tinagwirizana, ngati wamaliza, ndiponso ngati angafotokoze chomwe wapanga. Ena amajambula chinthu chosaoneka mutu wake koma ukafunsa akuuza nkhani yonse, uyu ndi agogo akuthamangitsa mbuzi yadya chigwada, ndipo ukayang'ananso mbuziyo umayiona ndithu.

Madamu Nambewe:

Eee anthuni zikomo, sindimayembekeza zonsezi, ndakopera m'kope. Dzulo ndayesa za masamba zija. Katondo ndinatapa kuseri kwa zimbudzi za sukulu komwe anakumba dzenje, makatoni anandipatsa a golosale ina nditagula shuga. Guluu woyamba ndinapsereza, wachiwiri anatheka. Magulu ndinapanga 12 monga mwanenera Anaphiri koma zitini zinali zochepa nde tinadula mabotolo a pulasitiki.

Tsamba la papaya lakanika, ndi lalikulu ndipo limapindika ana akamadinda, koma la mbatata ndi la mango zatuluka bwino kwambiri. Ambiri anapaka katondo wochuluka poyamba n'kungotuluka chibanthu chofiira, mpaka kamtsikana kanalira tsiku la ng'ombe kaja kanatulukira kokha kuti ukayamba wadinda pansi kamodzi kenako pa katoni mitsempha imaoneka yonse, nde kanazungulira magulu onse kuwaonetsa anzake. Mayunifolomu ndiye musafunse, lero ndalandira kale madandaulo awiri.

Ndamanga chingwe, zapachikidwa 90, zisanu ndi chimodzi mbuzi ya aneba inalowa pa buleki. Mawa ndikupita kwa amfumu kukafunsa za mtapo ndi za agogo oumba. Sala, kubiriwira kuja mwati kumafwifwa, mukathiramo phala la chinangwa kumakhalitsako kapena n'chimodzimodzi? Ndikufuna ndiyeseretu Julayi asanafike.